Njerwa za pa Chulu

Lolemba, 2 Seputembala 2024

Nyumba ya achinyamata yatha, apo m'malire mwa esiteti ya fodya. Malata, mabenchi, makina awiri osokera. Achinyamata ake ziii. A Damiano, apampando wa komiti yathu, akuti ana a matenanti ndi aulesi. Omwewo amene anandikhazika pansi pamsonkhano woyamba: "Folomu 4 mwamaliza, inde, koma za njerwa n'za amuna." Sindinaiwale. Sindidzaiwalanso.

Nkhawa yanga ndi Febe. Kamtsikana, sukulu anasiya, bambo ake amulonjeza kwa wogula fodya wina wa ku Njewa. Akapanda kuyamba zosoka mwezi uno, wapita basi.

Lachinayi, 5 Seputembala

Febe ndamukoka dzanja mpaka pakhomo pa nyumbayo. Waima njo, osaponda m'kati. Kunja dzuwa loswa mtengo, m'katimo kuzizira ngati m'chitsime. Khoma la kum'mawa lanyowa m'munsi, chonsecho mvula inasiya Epulo. Ndalikhudza. Lofunda.

Loweruka, 14 Seputembala

Mayi Rozaria, amake Febe, andiuza pamjigo. Makanda obadwa akufa sapita kumanda. Amaikidwa ndi amayi okhaokha, mwakachetechete, amuna osadziwa n'komwe malo ake. Amayi a pa esiteti akhala akuika awo kuseri kwa chulu. Chulu chomwecho chimene komiti inakumba poumba njerwa.

"Wanga wa chaka chatha ali m'khoma lanulo." Anatero osagwetsa msozi, ndowa ili pamutu.

A Damiano nditawauza, akuti: "Nanga bwanji amayiwo sananene?" Akananena pati? Pamsonkhano uja woti mkazi akatsegula pakamwa mumayang'ana kumwamba?

Lachitatu, 18 Seputembala

Ndinapita kuti ndikakhome chitseko, nditataya mtima. Ndapeza chotsegula. Mayi Rozaria ndi anzawo a pa esiteti akusesa. Febe ali pansi, msana watsamiritsa khoma lonyowa lija, akung'ung'udza kanyimbo kogonekera mwana.

Amake akuti awauza bambowo poyera kuti Febe sapita ku Njewa, nanga mng'ono wake wa m'khomayo atsala ndi yani? Bambowo agonja. Za makanda amuna salowerera, eti? Lero mwambo watithandizako.

A Damiano anafika mpaka pakhomo, n'kubwerera. Sindinawaitane.

Mawa tiyamba kusoka. Febe wandipempha kuti makinawo tizipalasa pang'onopang'ono. Akuti mwanayo wangogona kumene.