Tambala Amene Thoko Anakana

Achimwene,

Ndikhulupirira muli bwino ku Joniko pamodzi ndi alamu. Kuno ku Kandeu tilipo, koma mwendo wa amayi ukuvutabe.

Mwana wanu Thoko anafika bwino, koma zimene zinachitika Loweruka zandizunguza mutu. Azakhali a ku Nsipe anabwera ndi tambala kudzamulonjera. Anamupatsira kuti agwire tisanaphe, monga timachitira ndi mlendo. Iye anabweza manja kumbuyo, n'kumwetulira, n'kuyankha m'Chingerezi. Azakhali anandifunsa kuti, "Akuti chiyani mwanayu?" Ndinawauza kuti wakana. Ananyamula tambala wawo n'kuchoka osatsanzika.

Thoko akuti sanakane azakhali, anangomvera chisoni tambalayo, ndipo kwanuko kukana mwaulemu si mlandu. Azakhali akuti wokana nkhuku wakana mtundu, ndipo mwana sangatero osatumidwa ndi bambo ake. Ine ndangoti kakasi, sindikudziwa woti ndimupepese.

Chonde aimbireni foni azakhali msanga. Tambalayo akadali womangidwa mwendo pakhonde pawo, ndipo akuti samumasula mpaka amve mawu anu.

Mulungu akusungeni nonse kumeneko.

Ndine mlongo wanu,
Esinati