Tsamba la Ghizlane Azitona Asanapse

Taounate, 9 Okutobala

Achemwali anga a Zhor,

Mtendere ukhale nanu. Muli bwanji ku Casablanca kumeneko? Bondo lija likukulolani kukwera masitepe? Nanga alamu a Larbi, shuga watsikako? Kuno tili bwino, Mulungu atamandike. Azitona ayamba kuda m'mitengo ya malemu bambo, kwatsala milungu itatu kuti tiyambe kuthyola.

Ndikudziwa kuti mwana wanga Ghizlane ali kwanuko, ndipo foni yanga sakuyankha. Ndikuuzeni ndekha zimene zinachitika, poti iye mwina akundisungira ulemu.

Mukukumbukira mzere wa pamakina oyengera mafuta? Tili ana tinkakhala pamatumba masiku atatu, azitona akuwola pansi pathu. Mpaka lero zili choncho. Ndiye bungwe la alimi linapempha ine ndi Ghizlane kuti tipange tsamba la pa intaneti, mlimi azisankhiratu tsiku ndi ola lake pafoni.

Masamba otere timawamangira pa chimango chopangidwa kale, chimene chili ndi buku lake lofotokoza kagwiritsidwe ntchito kake. Ghizlane anamaliza m'masiku khumi, ndipo tsambalo linkagwira ntchito. Koma nditayang'ana m'kati ndinapeza zonse zili mulu umodzi, mayina a mafayilo ali mwaiye yekha. Ndinamuuza pamaso pa akomiti a bungwelo kuti chimenechi ndi chisakasa, zaka makumi awiri pantchitoyi sindinaonepo uve wotere. Iye anangondifunsa kuti, Ababa, ndaphwanya lamulo liti? Ndinati onse. M'mawa mwake anakwera basi.

Ndinapanga langa, laudongo, chilichonse pamalo pake. Tsiku Lachiwiri ndinaitana a Bouchta, mlimi wa kuseri kwa phiri uja, kuti aliyese. Anadina, linakana. Anadinanso, linakananso. Anandibwezera foni n'kunena kuti bulu wawo nayenso ndi wooneka bwino, koma akakana kuyenda samuyamikira makutu. Kenako anafunsa kuti la mtsikana lija ndaliika kuti, lija linawalandira ndi chala chimodzi.

Ndinabwerera ku buku lija. Achemwali, m'bukumo muli mindandanda iwiri. Woyamba ndi wa zimene chimango chimafuna zivute zitani, monga kiyi yachinsinsi ndi kachidindo kotsimikizira kuti fomu yachokeradi patsamba lathu. Wachiwiri ndi malangizo chabe, zabwino kuchita ukapeza mpata. Ghizlane anakwaniritsa woyamba wonse. Zimene ndinamunyozera zonse zinali za wachiwiri. Ine, m'kukongoletsa muja, kachidindo kaja ndinakaiwala.

Malangizowo si oipa ayi, tidzawatsata mafuta akalowa m'zigubu. Koma ndinawasandutsa malamulo kuti ndioneke katswiri, n'kuchititsa manyazi mwana amene ndinamuphunzitsa kudina kompyuta ali pamiyendo panga. Mayi ake akanakhala moyo, akanandiletsa ndi diso lokha.

Tsopano ndatsimikiza mtima. Langa ndafufuta. La Ghizlane likwera pa intaneti Lolemba, osasinthamo ngakhale kadontho. Akomiti ndawauza kale, m'chipinda chomwe ndinamunyozera muja, kuti wolakwa ndinali ine. A Bouchta anaseka mpaka kutaya tiyi, amvekere zodabwitsa zikadalipo padziko.

Komabe alimi mazana awiri akayamba kudina, wolidziwa tsambalo m'kati ndi Ghizlane. Ndikumufuna pantchito. Ndinene zoona, ndikumufuna kwambiri pakhomo pano.

Loweruka ndikwera basi yoyamba. Pempho langa ndi ili: musandipepesere, ndipo musamukakamize kundikhululukira. Mungomusunga pakhomo masana amenewo. Akakana kutuluka m'chipinda, ndidzalankhula ndi chitseko, ndipo Loweruka linalo ndidzabweranso.

Mundiperekere moni kwa alamu, kwa mwana wanu Hajar ndi ana ake. Mulungu akupatseni moyo wautali, akusungireni nyumba yanu monga mwandisungira mwana.

Ndine mlongo wanu,
Mfeddal