Sipuling'i ya pisito yanga ili kwa mbalame

Aphungu,

Noelene Tranter wandikaniza kulowa mpikisano wa kalabu yathu yowombera Loweruka lomaliza la mwezi uno, ndipo chifukwa chake ndi buku. Mayiyu ndiye woyang'anira bwalo lowomberapo. Akuti aliyense wa pisito yatsopano, kamfuti kam'manja kaja, ayambe waimasula n'kuimanganso iye akuona. Zimenezo sindikana. Koma nditati andionetse kamodzi, anati, "A Vern, zonse zili pa tsamba 14, kawerengeni." Ine sukulu sindinaiponde, tauni yonse ikudziwa, ndipo sindichita nazo manyazi. Anzanga akuphunzira kulemba, ine ndinali pamsana pa hatchi kumbuyo kwa ng'ombe chikwi. Kalata ino akulemba ndi mkazi wanga Merle, ine ndikunena, ndipo ndamuuza kuti asakometse.

Koma Aphungu, mukanaiona mfutiyo! Ndili ndi zaka 77, ndipo moyo wanga wonse ndinali ndi mfuti yaitali imodzi, yokoka ndi dzanja chipolopolo chilichonse, ya ntchito yachisoni yotsiriza ng'ombe yothyoka mwendo. Iyi ndi ina. Ndaidikira miyezi ndi miyezi, mapepala ali kupolisi, ine ndikubwereka ya kalabu yotheratu ija. Ukakhethemula, imalavula khoko yokha n'kudzimezera chipolopolo china. Ukhethemulenso, pha! Ukhethemulenso, pha! Tsiku loiyesa, Noelene ali pambali panga, mwa zipolopolo khumi, ziwiri zokha ndizo zinaphonya pakuda pa chandamale. Ndinavina, mawondo omwewa.

Clarrie Dunstan, amene takhala tikupikisana kuyambira pa mijaha ya mahatchi tili anyamata, anati, "Zangokugwera iwe. Maso ako saona ndi geti lomwe, unaligunda ndi galimoto chaka chatha." Ndinati, "Getilo linasuntha lokha. Tsiku la mpikisano ubwere ndi mpango wopukutira misozi, wamva?" Ndinanena zimenezi anthu onse akumva, ali pa tiyi ndi masikono. Ndiye mukuona kuti sindingajombe.

Merle anayesa kundiwerengera bukulo. "Tembenuzani chakuti, gwirani chakuti, onani chithunzi chachitatu." Ndinati leka mkazi wanga, mawu salowa m'zala. Zonse zimene ndimadziwa ine, kumanga chishalo, kutsitsa mjigo wamphepo, kukonza injini, wina anachita ine ndikuona, ali chete, kamodzi, kenako n'kundipatsa kuti ndichite. Sindinaiwalepo n'chimodzi chomwe.

Ndiye Lachiwiri m'mawa ndinati ndidziphunzitsa ndekha. Ndinakhala pakhonde, chipewa ndachigadamika pamwendo monga ndimachitira ndikamamasula kanthu, kuti tizitsulo tizigwera m'menemo. Ndinachotsa kabokosi ka zipolopolo, mfuti yafa basi. Ndinapapasa, ndinapeza kachitsulo kam'mbali, ndinakatembenuza, chitsulo chapamwamba cha mfutiyo n'kutsetsereka myaa, ngati batala pa buledi wotentha. Ndinakuwa, "Merle, bwera udzaone profesa!" Atangofika pakhomo ndinakanikiza sipuling'i ndi chala chachikulu, ndiye fyuu! Inadutsa pakhutu panga, pamwamba pa chingwe choyanika zovala, mpaka m'maluwa. Tinaseka mpaka Merle anakhala pansi.

Tikupukuta misozi, mbalame yathu yakuba ija, imene inamanga kachisakasa pansi pa mtengo wa mandimu n'kumakongoletsa ndi mafupa ndi magalasi osweka, inatera, inatola, ulendo. Pano sipuling'i yanga ili pakati penipeni pa bwalo lake, ndipo ikuivinira zazikazi. Nditatenga ndodo Merle anati, "Ukhudze chisakasa chija, uzidziphikira wekha mpaka kumanda. Zaka zitatu mnyamatayu osapeza mkazi, lero wapeza chokopera iwe ukamulande?" Ndinayesa msintho. Ndinaiyalira supuni ya tiyi ndi makoko asanu onyezimira a zipolopolo. Inatenga zonse, sipuling'i osabweza. Yandiposa kuchenjera, ndikuvomera.

Komabe sindinagonje. Mu shedi yosungiramo zida ndapeza sipuling'i ya chotsekera geti, yofananirako ndithu, ndikaidula pang'ono ikwana. Merle akuti ndifunse kaye, ndiye ndikufunsa. Ndipo mulembe m'nyuzimo, aliyense aone, kuti Noelene atseke buku lakelo andionetse ndi manja.

V.H., Cloncurry

Bambo V.H.,

Mwandisangalatsa. Munthu wa zaka 77 wovina chifukwa cha chandamale sapezeka tsiku lililonse, ndipo ndikufuna mukaime pamzere Loweruka limenelo. Ndiye mverani, masiku atha.

Sipuling'i ya geti ibwerere kugeti lero lomwe. Ija inakuthawaniyi ndi imene imalandira mphamvu ya kuphulika n'kubweza chapamwamba pamalo pake, ndipo anaipima kuti ikhale ya mfuti imeneyo yokha. Mukaikamo yongofananirako, mfuti ikhoza kukanirira pakati pa mpikisano, apo ayi chitsulo chikhoza kubwerera kumaso kwanu. Luso la m'shedi lakusungani zaka zambiri, koma pano ayi.

Ya kwa mbalame iiwaleni. Yagona mumchenga, yajomphedwa, mwina yapindika. Merle ali ndi mfundo, ndipo kuphika simunandiuze kuti mumatha. Imbani foni kusitolo kumene munagula mfutiyo, Merle awawerengere dzina ndi nambala zolembedwa m'mbali mwake, akutumizireni yake yeniyeni. Itanitsani ziwiri, chifukwa ndakudziwani. Zotsala zija zichoke m'chipewa, zilowe m'kabokosi kotseka, kabokosiko m'sefa yokhoma yosungira mfuti, zipolopolo kwina.

Khonde si malo omasulira mfuti. Muzikhala m'nyumba, patebulo loyala nsalu yoyera, mutavala magalasi otchinga maso. Pofika pa sipuling'i lowetsani manja ndi mfuti m'jumbo lalikulu loonekera mkati, ikalumpha ithere momwemo.

Za a Noelene. Pokuyesani sanalakwe, amasunga miyoyo ya anthu onse oima pamzerewo, wanu womwe. Pokutumizani kubuku analakwa. Koma nanunso, mwati tauni yonse ikudziwa kuti simuwerenga. Kodi inu munawauza ndi pakamwa panu? Munthu wotanganidwa amayankha aliyense yankho lomwelo. Pitani pakati pa sabata, a Clarrie kulibe, mukanene mwachindunji kuti, "Sindiwerenga. Chitani kamodzi ndikuona, kenako mundiyese kakhumi." Palibe chimene chichepe pa inu. Munthu wotsitsa mjigo atangoona kamodzi sangalephere tizitsulo tinayi.

Tsopano chimene sichinandiseketse. Mwalemba kuti munachotsa kabokosi ka zipolopolo, mfuti n'kufa. Sinafe. Chimene mwaikondera mfutiyi ndi chomwecho choopsa chake: imadzimezera chipolopolo yokha, ndipo chimodzi chimatha kutsala mumpope wa mfutiyo kabokosi katachoka kale. M'kalata yanu yonse simunatchule kuti munakoka chapamwamba n'kusuzumira, koma munaitana Merle kuti adzaime pakhomo. Ulendo uno mumpopemo munali mopanda kanthu. Kuyambira lero, kabokosi kachoke, chapamwamba mukoke mpaka chikhale chotsegula, muone ndi diso, mupapase ndi chala, mfuti italoza kopanda munthu. Muzichita zimenezo ngakhale mwaiika pansi mphindi imodzi yokha.

Ndipo inu a Noelene Tranter, madala awa akubwera kwa inu ndi sipuling'i yatsopano mpikisano usanafike. Ikani buku pambali, khalani nawo patebulo, muyambire pa kusuzumira mumpope, muchite pang'onopang'ono iwo akuona. Mukatero muwayese mosawamvera chisoni, ndipo akakhoza, lembani dzina lawo pamndandanda wa Loweruka.

Aphungu