Musakhudze Makatoni

Lolemba, 10 Novembala

Nyumba yanga yatsopano yasamba ndisanagonemo ngakhale tsiku limodzi.

Ndinapita m'mawa kukapachika makatani. Ndisanatsegule n'komwe ndinaona madzi akutuluka pansi pa chitseko, akutsetsereka pa masitepe. Kulowa, madzi mpaka mu akakolo. Siling'i ya chipinda chaching'ono yabooka pakati, madzi akutsika ngati wina watsegula shawa. Ndipo m'chipinda chomwecho ndi mmene ndinaika katundu sabata yatha: matiresi, mipando iwiri, zovala, ndi makatoni asanu a malemu amuna anga.

Za matiresi ndilibe nazo ntchito. Makatoniwo ndi amene akundipweteka mtima. Muli makope a nyimbo zonse zimene bambo anapeka pa zaka makumi atatu zimene anaphunzitsa kwaya. Kulibe kwina kumene zinalembedwa.

Ndinathamangira pa mita n'kutseka. A kampani ya madzi analumikiza Loweruka masana, ndiye kuti madzi akhala akukhuthukira pa makatoni masiku awiri.

Ndinaimbira alamu, popeza kontrakitala wa nyumbayi ndi iwowo, mng'ono wawo wa malemu. "Ndikubwera, mlamu, musadandaule." Anafika dzuwa litapendeka, n'kuyang'ana kumwamba, n'kunena kuti, "Izi ndi za pulambala." Basi. Ngakhale pepani.

Mwana wanga wamkazi, amene timamutchula Loya kuyambira ali wamng'ono chifukwa cha pakamwa pake, wandiuza pa foni kuti ndisasunthe chilichonse. "Amayi, jambulani zithunzi koma musakhudze. A inshulansi ya bambo aang'ono akapeza mwatsegula makatoni, anena kuti mwawononga nokha." Ndamvera. Ndakolopa mozungulira makatoni, osawagunda ngakhale ndi ndowa.

Lachiwiri, 11 Novembala

Pulambala wabwera. Anakwera m'siling'i, n'kutsika atagwira kampukutu ka pepala la thumba la simenti, konyowa, kongokwana m'dzanja.

"Mayi, nayu wakuba wanu."

Akuti paipi imeneyo anaisiyira thanki yotenthetsera madzi, imene sindinagulebe. Paipi ikatsala choncho iwo amaitseka kukamwa ndi pepala la simenti kuti musalowe dothi ndi mphemvu, kenako amadzabwera kudzaika chotsekera chenicheni. "Ndinawauza abwana kuti siling'i isakhomedwe ndisanabwere. Ndabwera lero, ndapeza yokhomakhoma, yopenta kale."

Kalipentala anali panja akupala chitseko cha kukhitchini. Iye akuti, "Ine anandiuza kuti khoma, ndinakhoma. Sindiyang'ana mapaipi a anthu."

Ndiye pulambala akuloza alamu, alamu akuloza pulambala, kalipentala akuloza amene anamutuma. Nyimbo za zaka makumi atatu zinkatetezedwa ndi kapepala ka simenti. Ndakasunga m'jumbo, Loya akuti ndi umboni.

Lachitatu, 12 Novembala

Wa inshulansi anati abwera lero. Ndakhala pakhonde tsiku lonse ngati mlonda. Sanabwere, foni sakuyankha.

Lachinayi, 13 Novembala

Lero ndiye ndapsa mtima.

Alamu abwera ndi fayilo kukhwapa. Munthu amene ndinamuchapira mayunifolomu ali ku sekondale, lero akunditsegulira fayilo. Akuti pali pepala lolandirira nyumba limene sindinasayine, ndiye mwalamulo nyumbayi ikadali m'manja mwa omanga, ndipo katundu sanayenera kulowa. "Siling'i tikonza, mlamu, imeneyo ndi yathu. Koma za katundu, aaa, pamenepo pavuta."

Ndinawafunsa kuti kiyi anandipatsa ndani. Ndinawakumbutsa mawu awo omwe: "Lowetsani katundu, mlamu, chipinda chaching'onocho chatha." Akuti zimenezo tinkangolankhula pachibale. Kodi chibale chimagwira ntchito popereka kiyi pokha, madzi akatayika chimapuma?

Koma muno ndilembe zoona, popeza sawerenga wina. Ndinawapanikiza. Eni nyumba ya lendi akufuna nditatuluka pakutha pa mwezi, ndipo ndinkaimbira alamu m'mawa ndi madzulo. Tsiku lina ndinafika ponena kuti akulu awo akanakhala moyo sakanandizengereza chonchi. Mawu amenewo sanali abwino. Komabe si ine ndinatseka paipi ndi pepala.

M'chipinda muja mwayamba kununkha. Katoni yapansi yafufuma, yaphwasuka pakona. Ndikuona msana wa kope lobiriwira. Ndinatambasula dzanja, n'kukumbukira Loya, n'kulibweza.

Lachisanu, 14 Novembala

Wa inshulansi akuti Lolemba. Galimoto ili kugalaja.

Ndili m'bafa kupukuta matailosi, ndinamva opaka penti akucheza kuseri kwa windo. "Mayiwa akulira mapepala? Ine ndimayesa muli TV." Mnzake akuti, "Anthu ophunzira amatero." Ndinatsokomola dala, kunja kunangoti zii.

Loweruka, 15 Novembala

Loya wafika ndi basi ya m'mawa, kalata yopita kwa alamu atalemba kale, masamba atatu. Anakumana ndi alamu pageti. Sindinamulere kuti azilankhula ndi bambo ake aang'ono chala chili m'mwamba, koma lero ndinamusiya, ndipo ndisaname, pena ndinkamva kukoma.

"Bambo, munauzidwa kapena simunauzidwe kuti siling'i isakhomedwe?"

"Mwana iwe, ndinakunyamula uli khanda."

"Munandinyamula, inde. Munauzidwa?"

Analowa m'galimoto n'kumapita, kalata ili pa boneti, mpaka inagwera m'matope.

Madzulo akazi awo anandiimbira. Akuti ndawatumira mwana kuti awatukwanire amuna, pamene nyumbayo amangira mlamu wawo mwachifundo. Ndinawauza kuti chifundocho chabwera ndi madzi ambiri. Anadula foni. Ndiye pano ndilibe makope, ndilibe nyumba yogonamo, ndipo abale a amuna anga nawonso akutha.

Ndinamupempha Loya kuti titsegule katoni imodzi yokha, ija yapansi. Wakana. "Amayi, mwapirira masiku asanu, awiri okha akukanikeni?" Makatoni ayamba chuku, mbali yakukhoma yachita mawanga akuda.

Lamlungu, 16 Novembala

Kutchalitchi kwaya inaimba nyimbo ya bambo, ija anapeka chaka chomaliza ali kale wodwala. Pa ndime yachiwiri anthu a tenala anasochera, aliyense n'kulowera kwake. Bambo akanakhalapo akanagogoda benchi ndi pensulo. Alamu anali pamalo pawo pa mzere wa besi, ndipo ndi iwo okha amene sanaphonye. Sanandiyang'ane, inenso sindinawapatse moni.

Potuluka, mayi amene akutsogolera kwaya pano anandigwira mkono. "Amayi, mwamva nokha mmene tavutikira. Makope aja mutibwereke tikopere, nyimbozi zikutithawa." Ndinangoti chabwino.

Lolemba, 17 Novembala

Wa inshulansi sanabwerenso. Nditaimba kachisanu anayankha, akutafuna chinachake.

Akuti abwera Lachinayi kudzaona siling'i ndi makoma, chifukwa inshulansi ya omanga imaona za nyumba yokha. Katundu wolowetsedwa nyumba isanaperekedwe, zimenezo n'zapakati pa ine ndi kontrakitala. Ndinamuuza za makope. "Ali ndi malisiti, mayi?" Ndinati ndi nyimbo zolemba pamanja. Anaseka pang'ono, osati mwachipongwe, koma anaseka.

Ndinafunsa kuti, nanga makatoniwo ndingatsegule?

"Kaya inu, mayi. Ife makatoni sitiyang'ana."

Sabata yathunthu. Sabata yathunthu ndakhala ndikulondera mapepala akuola, kudikira munthu amene alibe nawo ntchito. Ndikanangowayanika Lolemba lija! Ndakwiyira wa inshulansi, ndakwiyira Loya, ndakwiyira alamu, koma kwambiri ndadzikwiyira ndekha. Ndine mayi wamkulu, ndinaona ndi maso anga kuti zinthu zikuonongeka, n'kumangomvera.

Loya akuti tipite kukhoti ndi bambo aang'ono. Ndamufunsa kuti khoti likalamula, adzabweza chiyani? Matiresi?

Lachiwiri, 18 Novembala

Ndinafika m'mawa ndi mpeni, chingwe choyanikira zovala ndi mapegi onse a kunyumba. Makatoni sanafune n'komwe mpeni, ankangosupuka m'manja. Fungo lake ndinachita kumanga mpango kumphuno.

Makope makumi awiri ndi atatu. Masamba amamatirana, ndiye ndimalowetsa mpeni wa tebulo pang'onopang'ono, tsamba limodzi limodzi. Ndamanga zingwe pabalaza kuchoka pa windo kufika pa chitseko.

Akalekale apulumuka. Bambo ankalemba ndi pensulo, ndipo pensulo madzi saiopa. Mapepala achita makwinya ndi mawanga, koma mawu ndi manotsi zikuwerengeka. Ndinakhala pansi n'kuseka ndekha. Zaka zonse zija ndinkawanena kuti mphunzitsi wamkulu ngati inu kumalemba ndi pensulo ngati mwana wa sitandade wani. Mpaka ndinawagulira peni ya inki, yodula, n'kuwaumiriza kuti aziigwiritsa ntchito chifukwa pensulo imafufutika.

Anandimvera. Makope atatu omaliza analemba ndi peni yangayo. Ndatsegula lobiriwira lija, masamba onse ndi buluu, ngati munthu wachapiramo nsalu yosuluka. Pena mutu wa nyimbo ukuoneka, pena mawu awiri. Nyimbo za zaka zawo zomaliza, kuphatikizapo ya Lamlungu ija. Pamenepo ndiye ndinalira, kulira kwenikweni kumene sindinalire sabata yonseyi.

Sindinamve galimoto. Ndinangoona alamu ataima pakhomo, opanda fayilo, akuyang'ana zingwe. Anawerama kudutsa pansi pa makope, n'kutola lobiriwiralo pamene ndinalisiya. Anatsegula masamba angapo.

"Pulambala anandiuza, mlamu. Kapepalako ndinakaona ndi maso anga. Ndinati tikhome, tidzatsegula pobwera thanki. Ndinaiwala kuti a madzi akubwera."

Ndinali nditakonza mawu ambiri oti ndidzawauze tsiku limene adzavomere. Ndinangoti, "Inki ndinagula ndine."

Anakhala pa ndowa ya penti, kope pa bondo. Analoza mutu wa nyimbo umene ukuonekabe pamwamba pa tsamba, n'kuyamba kung'ung'udza chapansipansi. Mawu awo ndi ofanana ndi a akulu awo, zimenezo ndinali nditaiwala. Anaima, n'kubwereza mzere womwewo kawiri.

"Iyi ndikuidziwa yonse. Iyinso. Yachitatuyi besi yokha, koma amayi a kwaya aja akudziwa soprano. Muli ndi pepala louma?"

M'nyumba monse munalibe pepala louma kupatula kope langa lino. Ndathothola masamba apakati n'kuwapatsa. Ndinawapatsanso peni, anapukusa mutu, n'kuchotsa kukhutu pensulo yawo ya ukalipentala, yafulati ija.

Loya waimba foni kawiri, sindinayankhe. Za matiresi tidzakamba ndi alamu, sindinawakhululukire zimenezo. Pano ali pa nyimbo yachinayi, ndipo akuti ndisiye kulemba ndiwakumbutse mawu a ndime yachiwiri.