Mwera ndi magazi a Febby

Lolemba, 10 Juni 2024
Mwera sukuleka, sabata yachiwiri. Chitseko cha labu chikungomenyetseka, mchenga mpaka m'makutu. Bokosi la maantibodi silinafikebe. Akuti lili ku Lilongwe, likudikira chidindo. Chidindo! Amayi pa foni kuchokera ku Zomba: "Atupele, n'chiyani chimene ukudikira mpaka kuwonda nacho?" Ndawauza kuti ndi timadzi ta m'kabotolo, tonunkhiza enzaimu imodzi yokha ngati galu wosaka, enzaimu imene imadzutsa vitamini K kuti magazi aziundana. Akuti bola ndikanadikira mwamuna.

Lachisanu, 14 Juni
Febby wabwera kudzayezetsa. Kwawo ndi ku Ruarwe, koma chimuikireni valavu yachitsulo mumtima akukhala kwa azakhali ake ku Kande. Ukakhala naye pafupi umaimva ikugunda ngati wotchi. Amamwa wafarini, mankhwala ofooketsa enzaimu ija kuti magazi asaundane pa valavu. Lero magazi ake aundana msanga ngati sakumwa kanthu. Walumbira kuti sadumphitsa, ndipo ndikumukhulupirira. A Dickson, dokotala wathu, awonjezera mlingo.

Lolemba, 24 Juni
Chimodzimodzi. Awonjezeranso. Mtima uli m'mwamba. Ngati enzaimu ya Febby ili yosamva mankhwala, kafukufuku wanga wapeza mutu. Ndachita manyazi kusangalala, komabe ndasangalala. Ndikufuna bokosi langa.
Nsomba kulibe, mabwato onse ali pamtunda. Kwa mayi Dainess, eni nyumba imene ndikukhala, kondowole ndi chigwada tsiku lililonse. Febby wandiseka nditadandaula: "Asisi, ifenso chigwada masana ndi madzulo. Tasanduka mbuzi."

Lachiwiri, 16 Julayi
Sindinalembe. Ndikanalemba chiyani? Mphepo, mafoni, "mawa, mawa." Magazi a Febby akhazikika tsopano, pa mlingo wowirikiza wa poyamba. Wapempha kuti mphepo ikatsika akaone mwana wake kwawo. A Dickson alola, amupatsa mapiritsi a mwezi wathunthu. "Yewu ukongwa," anathokoza Febby m'Chitonga, akuwamanga pa nsonga ya chitenje.

Lachinayi, 1 Ogasiti
Nyanja yagona. Usipa mbwee, Chintheche yonse fungo la nsomba. Febby anakwera boti dzulo. Bokosi akuti latuluka. Ndatsuka filiji yoyera kale.

Lachitatu, 7 Ogasiti
Lafika, ayezi asanasungunuke! Kabotolo kake kochepa kuposa chala changa chaching'ono. Kakangotentha, basi katha ntchito. Ndakaika mufiliji, ndatseka, ndatsegulanso kuti ndikaone. Ndiyamba mawa.

Lachinayi, 8 Ogasiti
Sindinayambe.
Masana mayi Dainess akupakula usipa: "Chigwada chipume kaye, mwanangu. Kuno mphepo ndiyo imatisankhira ndiwo." Mbamu yandiumira m'manja.
Masamba obiriwira, odzaza vitamini K. Za chaka choyamba kusukulu izi! Febby tinamufunsa za zakudya mu Januwale, anati nsomba, ife osafunsanso. Enzaimu yake ilibe mlandu. Chigwada cha nthawi ya mwera ndicho chinkalimbana ndi mankhwala, ife n'kumangowonjezera. Anandiuza yekha, ine n'kuseka za mbuzi, maso ali ku Lilongwe.
Tsopano ali kwawo, akudya nsomba, akumwabe mlingo wowirikiza. Magazi otere akayamba kutuluka saleka, ngakhale m'kati mwa mutu. Ndili ndi mantha.
Ndawauza a Dickson, agwira pakamwa. Foni ya Febby siikupezeka. Ku Ruarwe netiweki amakaipeza paphiri. Ya mlongo wake Yotamu ikungolira.

Lachisanu, 9 Ogasiti
Yotamu wayankha m'mawa. "Ali bwino, asisi, akuchapa. Kungoti akamatsuka mano mukutuluka timagazi, ndiye dzulo kamfuno pang'ono." Ndakuwa kuti asamwe mapiritsi lero. Foni yaduka. Sindikudziwa ngati wamva.
A Dickson atenga jakisoni wa vitamini K, ine kamakina koyezera magazi. Minibasi mpaka ku Nkhata Bay, kenako boti la masana.
Magetsi azima chakum'mawa, jenereta ilibe mafuta. Nditakwera ya ku Mzuzu pompano, kabotolo kangakapulumuke mufiliji ya kumeneko. Ndaima pa filiji kanthawi, osatsegula. Kakhale.
Ndalembera Yotamu: asamwe, mumuphikire chigwada chambiri. Uthenga sunapitebe.
Febby amamwa mapiritsi ake sikisi koloko madzulo, ndipo sadumphitsa. Boti limafika cha m'ma seveni, ngati nyanja yagona.