Mawu a Mayi Farhana, chithunzi palibe

Lolemba, 14 Ogasiti

Astaghfirullah. Ndaononga TV ya kuntchito.

Ndilembe mmene zinalili. A Nana, agogo amene ndimawasamala ku Sydenham, mutu unayamba kuwathawa. Chowakhazika pansi ndi chimodzi, DVD ya ukwati wa mwana wawo. Malemu akazi awo, Mayi Farhana, ali momwemo, akuseka, akukalipira ophika. Imazungulira tsiku lonse.

Vuto, pabalaza kibula, mbali imene timayang'ana poswali, inaloza pa TV pomwepo. Kuswali nkhope za anthu zikuvina kutsogolo, mtima sulola. Kuchipinda sindingapite, a Nana sasiyidwa okha. Limoti amaikumbatira ngati khanda. Ndiye pa swala ya Zuhuri ndinapisa dzanja kuseri kwa risiva, chibokosi chakuda chimene mawaya onse amadzeramo, ndikuzula waya mmodzi. Chithunzi zii, mawu akumvekabe. Ndinaswali bwinobwino, mpaka kudziyamikira nzeru.

Pobwezera, basi. No Signal.

Lachiwiri, 15 Ogasiti

Mabowo kuseriko ndi ofanana ngati mano a chipeso. Kabati anaikhomera kukhoma, mutu sulowa, dzanja lokha. Ndayesa bowo ili, ndayesa ilo. Ndazulanso mawaya ena kuti ndisinthanitse. Pano sindikudziwa wanga woyamba uja ndi uti.

A Yaseen, mwana wawo, anadzera madzulo. Ndinati mwina ndi kuthimathima kwa magetsiku. Bodza linatuluka lokha, losalala. Anapukusa mutu, akuti amene anaika makinawa anasamukira ku mzinda wa Joni, afunafuna wina akapeza mpata.

Mu taxi yobwerera ku Berea ndimawerenga istighfar ndi zala, kupempha chikhululuko.

Lachinayi, 17 Ogasiti

A Nana sakudya. Akumva mawu a akazi awo, munthu osamuona. Dzulo anatsegula mawadiropu onse. Lero kubafa, kuseri kwa makatani. Akuti, "Ali m'nyumba muno, bwanji akundibisalira?"

Ndinazimitsa zonse kuti mwina aiwala. Analira. Ndinayatsanso.

Ndinaimbira achimwene Abdulaziz, amene amakonza mafoni m'tauni. Anayamba ndi kuseka, akuti Safina, Mulungu anakupatsa nsalu, osangophimba TV bwanji? Zoona. Chitenje chinali m'chikwama momwemo. Kenako anandifotokozera kuti mabowo ambiri ndi olowetsa, limodzi lokha ndi lotulutsa chithunzi, lolembedwa OUT, ndipo waya wochokera ku TV ndi wa pamenepo. Ndiliona bwanji ndi zala?

Atamaliza anati ndikanikize batani la input. Ndinakanikiza. Mawu nawonso anathawa, kunabwera wailesi ya Chizulu. Thukuta. Ndinakanikizabe mpaka Mayi Farhana anabwerera.

Loweruka

A Nana anatuluka pageti.

Ndinali kukhitchini, kuwaphikira phala la oti. Anawapeza ndi mwini shopu wa pakona, ali ndi silipasi imodzi, akufunsa odutsa ngati aona akazi awo. 

A Yaseen sanakalipe. Bola akanakalipa. Anangoti zikachitikanso awapititsa kunyumba yosungira okalamba, malo anafunsa kale. A Nana m'nyumba ya eni, opanda mpando wawo, opanda aliyense wodziwa kuti tiyi amamwa atazizira. Za ntchito yanga sindikunena, ngakhale nazonso zikundidya.

Ndinatsegula pakamwa kuti ndiulule za waya. Panatuluka "yebo, bwana."

Ya Allah, ndinkafuna swala yoyera. Ndi iyi?

Lachiwiri, 22 Ogasiti

Achimwene sangabwere, a Yaseen safuna alendo m'nyumba. Koma anandipatsa nzeru, ndilowetse foni kuseri ndijambule ndi fulashi. Zithunzi zoyamba fumbi ndi chala changa. Kenako chimodzi chooneka. OUT lili kumapeto, patali ndi anzake, lopanda kanthu. Masiku onsewa ndimalimbana ndi mabowo olakwika.

Kutsata waya wa TV ndi dzanja kuchokera kumwamba mpaka pansi. Mkono wakalika. Wayayo sakulowa. Ndinamutembenuza, sakulowabe, kamutu kake kapindika ndi kukakamiza kwanga kuja.

Mawa ndigula wina kwa achimwene. Akuti andipatsa waulere ndikalonjeza kusiya uinjiniya.

Lachitatu, 23 Ogasiti

Chithunzi chabwera. Bismillah, waya watsopano, kamodzi n'kamodzi. Mayi Farhana ndi awo, diresi lobiriwira, akuloza mapoto. Ndinakhala pansi pakapeti, misozi.

Ndinawatembenuzira mpando a Nana. Anayang'ana nthawi yaitali. Kenako anandifunsa, mwaulemu ndithu, kuti mayi ameneyu ndi ndani.

Ndinati ndi akazi anu. Anakana. Akuti akazi awo ali kukhitchini, akuwamva. Anayamba kudzuka, maso kukhomo la panja.

Sindikudziwa chinandigwira. Ndinathamangira kukhitchini, ndikugwedeza mapoto, ndikukuwa m'Chingerezi mmene amakuwira mayi a mu DVD aja, kuti khalani pansi bambo inu, chakudya chikubwera.

Anakhala. Anadya mbale yonse. Anati ndiwauze akazi awo kuti mchere wachepa.

Swala ya Asiri ndaswali TV nditaiphimba chitenje. Bodza la magetsi ndalapa, a Yaseen ndiwauza. Koma la kukhitchinili, Ya Allah, mawa adzaitananso, ndipo ine ndidzayankhanso.