Kapinga wanu uja ndamuzula

Okondedwa Achimwene,

Ndikhulupirira muli bwino ku Kitweko. Kuno ku Linda tilipo, koma Amayi mwendo ukuwavutabe.

Pali nkhani imene ndinalephera kukuuzani pa foni. Kapinga amene munadzala pakhomo uja ndamuzula. Madzi akuvuta, ndipo tsiku lina Amayi atandipeza ndikumuthirira anati, "Iwe, kapinga ni ndiwo?"

Pamalopo ndadzala repu ndi kalembula, ndiwo ya masamba a mbatata ija. Ndimathirira madzi otsukira mbale, n'kuphimbira masamba ouma kuti nthaka isaume msanga. Dzulo tinathyola repu woyamba, ndipo Amayi anadya bwino.

Ndasiyako kachigawo ka kapingayo pansi pa mango, pamene mumakonda kukhala. Ngati mwakhumudwa, mukalipire ine. Amayi anangofunsa, khasu ndinagwira ndine.

Mulungu akusungeni.

Mlongo wanu,
Tiyanjane